Dipoziti ndi ndalama yanu, ngakhale ili m'manja mwa mwininyumba

Mawu amene wofufuza za ntchito adalankhula pa msonkhano wa ogwira ntchito za m'nyumba ndi za m'mafamu ku Gauteng

Ntchito yanga ndi yofufuza za malipiro, koma ndikakhala pansi ndi anthu akwathu kuno ku Joni, nkhani ya malipiro sichedwa kusanduka nkhani ya nyumba. Lero ndilankhula za dipoziti, ndalama ija timapereka polowa m'nyumba ya lendi, imene ambiri timaitsanzika pomwepo ngati kuti yagwera m'chitsime.

Ndiyambe ndi mayi wina wa ku Mangochi amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg. Iye ankachita lendi kachipinda ka kuseri kwa nyumba ku Cosmo City, R1 400 pamwezi, ndipo polowa adapereka dipoziti ya R1 400. Adakhalamo zaka ziwiri ndi theka. Atapeza malo pafupi ndi ntchito, adadziwitsa mwininyumba kudakali mwezi wathunthu. Mwininyumbayo adamubwezera R200 yokha, akuti penti yathimbirira ndipo loko wa pachitseko akuvuta. Ndidawafunsa mayiwo funso limodzi: kodi potuluka mudayendera chipindacho limodzi ndi mwini wake? Adati ayi, adangouzidwa kuti asiye makiyi kwa mwana wa pakhomopo. Yankho limenelo ndilo lidali mlandu wonse.

Lamulo loyendetsa nkhaniyi ku South Africa ndi Rental Housing Act, nambala 50 ya chaka cha 1999, makamaka gawo 5. Limateteza wochita lendi m'fulati ya ku Hillbrow chimodzimodzi ndi wa m'kachipinda ka kuseri ku Diepsloot, ndipo limagwira ntchito ngakhale mgwirizano wanu udali wapakamwa. Mukapempha kuti ulembedwe, mwininyumba ayenera kuulemba. Ayeneranso kukupatsani lisiti pa ndalama iliyonse imene walandira, dipoziti pamodzi. Ndipo ndalamayo sayenera kuidya kapena kugulira simenti: lamulo likuti aisunge ku banki mu akaunti yobereka chiwongoladzanja, ndipo chiwongoladzanjacho ndi chanu. Muli ndi ufulu womufunsa umboni wolembedwa wosonyeza kuti yabereka zingati.

Tsono mtima wa lamuloli uli pa maulendo awiri oyendera nyumba. Woyamba ndi wa musanalowe: inu ndi mwininyumba muyendere limodzi ndi kulemba chilichonse chimene chili chowonongeka kale. Wachiwiri ndi wa m'masiku atatu omaliza a mgwirizano: muyenderenso limodzi kuti muone ngati pali chimene chawonongeka m'nthawi yanu. Apa mvetserani bwino. Mwininyumba akalephera kuyendera nyumbayo inu muli pomwepo, lamulo limatenga kulepherako ngati kuvomereza kuti nyumba ili bwino. Sangabwerenso pambuyo pake ndi nkhani ya penti kapena loko. Ayenera kubweza dipoziti yonse ndi chiwongoladzanja chake.

Masiku obwezera nawonso adaikidwa. Ngati mulibe ngongole iliyonse, ndalama ibwezedwe pasanathe masiku 7 mgwirizano utatha. Ngati pali zokonza, yotsalayo ibwezedwe pasanathe masiku 14 nyumba itabwezeretsedwa kwa mwini wake, ndipo malisiti a zokonzazo akhalepo kuti muwaone ndi maso anu. Koma ngati ndi inu amene mudaitanidwa kukayendera ndipo simudapite, mwininyumba amayendera yekha m'masiku 7, kenaka nkubweza yotsala pasanathe masiku 21. Pamenepo mwadzimanga nokha manja, chifukwa palibe wotsutsa zimene iye walemba. Ndikudziwa kuti kupempha tchuthi kwa abwana sikophweka, koma ola limodzi loyendera chipinda lingakupulumutsireni lendi ya mwezi wathunthu.

Kodi angadule chiyani? Lendi imene simudalipire, magetsi ndi madzi ngati mudagwirizana kuti muzilipira, makiyi otayika, ndi mtengo woyenera wokonzera chimene mwawononga. Galasi la zenera likasweka ndi mpira wa mwana wanu, mudzalipira, ndipo pamenepo sindingakuikireni kumbuyo. Koma penti yothimbirira patatha zaka ziwiri, mpopi wotha ndi ukalamba, denga lodontha chifukwa malata adachita dzimbiri, zimenezo ndi kutha kwa zinthu kumene kumabwera munthu akamakhala m'nyumba bwinobwino. Lendi imene mumalipira mwezi ndi mwezi ndiyo idalipira kale zimenezo. Ena amatenga dipoziti ya wotuluka kukometsera chipinda cha wolowa, ndipo uku ndi kulipiritsa kawiri.

Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambiwu umatiphunzitsa kusamala mlendo, koma eninyumba ena adaumva mwina: amadziwa kuti ukafika Disembala mlendo akwera basi ya ku Lilongwe, Chipata kapena Tete, ndipo sadzabwerera kudzalimbana ndi R1 000. Amadziwanso kuti wogwira ntchito m'mafamu a zipatso amasamuka nyengo yokolola ikatha. Choncho konzekerani kutuluka tsiku lomwe mukulowa. Jambulani pafoni makoma, chitseko, mazenera ndi mita ya magetsi, ndipo zithunzizo mutumizireni mwininyumba pa WhatsApp kuti tsiku lake lioneke. Akakana kulemba lisiti, mulembereni uthenga wonena ndalama imene mwapereka ndi tsiku lake, ndipo yankho lake musalifufute. Chinthu china: musangoganiza nokha kuti mwezi womaliza simulipira poti dipoziti ilipo. Popanda kugwirizana naye, mwamupatsa chifukwa chokudulirani.

Akadula mosayenera, yambani ndi kalata yaifupi, yaulemu. Tchulani ndalama imene mudapereka, tsiku lotuluka, ngati mudayendera limodzi kapena ayi, pemphani malisiti, ndipo ikani tsiku limene mukufuna ndalama yanu. Ikakanika, chigawo chilichonse cha dziko lino chili ndi bwalo loona za lendi lotchedwa Rental Housing Tribunal. Kudandaula kumeneko ndi kwaulere ndipo simufunika loya. Amayamba ndi kukuyanjanitsani; zikalephereka amamva mbali zonse ziwiri nkugamula, ndipo chigamulo chawo chili ndi mphamvu ngati cha khoti la majisitireti. Njira ina ndi Small Claims Court, khoti la milandu ing'onoing'ono ya ndalama, limene malire ake adakwezedwa kufika pa R20 000 mu 2019.

Ndikudziwa funso limene lili m'mitima ya ena, ngakhale simungalifunse pagulu: nanga mapepala? Gawo 34 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka ufulu woti mkangano umvedwe pabwalo kwa munthu aliyense, silinena za nzika zokha. Komabe sindingakunamizeni kuti mantha anu alibe maziko. Ngati chiphaso chanu chidatha, yambani mwakambirana ndi a Lawyers for Human Rights, kapena a Scalabrini Centre ngati muli ku Cape Town, musanakapereke dandaulo.

Kwa inu amene mumagona m'nyumba ya abwana, nkhani yanu ndi ina. Zodula pa malipiro chifukwa cha malo ogona zimayendera malamulo a ntchito, ndipo kwa wa m'nyumba ngakhale wa pafamu siziyenera kupitirira 10 peresenti ya malipiro, komanso malowo akhale oyenera kugonamo munthu. Dandaulo lotere limapita ku ofesi ya leba.

Mayi wa ku Mangochi uja tidalemba naye kalata ya mizere isanu ndi umodzi, yotchula gawo 5 ndi kunena kuti chipinda sichidayenderedwe limodzi. Patapita masiku anayi mwininyumba adatumiza R900, akuti yotsalayo ndi ya loko. Mwalamulo R300 ija idali yawo, osawerengera chiwongoladzanja cha zaka ziwiri ndi theka, ndipo ine ndidafuna kuti tipite nayo ku bwalo. Iwo adawerengera ndalama ya takisi ndi masiku amene akadajomba ku ntchito, nandiuza kuti basi, aisiya. Sindidawaumirize. Koma m'chipinda chawo chatsopano adajambula ngodya zonse zinayi asanalowetse ngakhale poto, ndipo sadachoke pakhomo la mwininyumba mpaka atawalembera lisiti.

Ngati pali amene abwera ndi malisiti kapena mauthenga a pafoni, tiwaone limodzi tikamaliza.