Mwana Amene Anafuna Kuchita Malonda ndi Mulungu

Abusa, akulu a mpingo, amayi, ndi inu ana a sukulu, mundilole pa tsiku lino la chikondwerero ndiulule mlandu wa ubwana wanga, umene unachitika pamalo pompano.

Masiku aja kwacha inali isanafike, pakuti inadza m'chaka cha 1971. Tinali kuwerenga mapaundi, mashileni ndi makobiri. Sukulu ya ana nayonso sinali yaulere monga inakhalira m'chaka cha 1994. Amayi anga, mkazi wamasiye, anagulitsa mtedza wao, namanga mashileni 3 m'kansalu, nati, "Ukapereke kwa aphunzitsi, usamasule panjira."

Koma njira inadzera pamsika. Ndinamasula kuti ndingoona. Ndinagula chitumbuwa, pambuyo pake nzimbe za anzanga, potsiriza kampeni kopinda. Dzuwa lisanapendeke, m'kansalu munalibe kanthu.

Madzulo ndinalowa ndekha m'nyumba ya Mulungu ino. Ndinali nditamva za Yakobo pa Beteli, amene analonjeza chakhumi akasungidwa pa ulendo wake, ndipo ndinayesa kuti Mulungu amagula malonjezo. Ndinagwada, ndinati, "Atate, mukandiikira mashileni 3 panjira ya kumtsinje, ndidzasesa nyumba yanu chaka chonse, ndipo sindidzabanso mango a Abusa. Mukaona kuti achuluka, awiri okha akwanira. Yotsalayo ndidzaifuna ndekha."

Masiku atatu ndinayenda chowerama, maso ali m'fumbi, koma sindinatole ngakhale kobiri. Tsiku lachinayi, mtima utalema, ndinaulula zonse kwa amayi. Sanatenge ndodo, sananenenso kanthu. Anagwira thadzi lao, limodzi lokhalo, limene linali kuikira mazira, napita nalo kumsika. Kulira kwa nkhukuyo ndikukumvabe kufikira lero.

Ana anga, Mulungu anamva pemphero lija, koma malondawo anawakana. Ndalama sanandipatse, anandipatsa mtima wonena zoona. Mangawa anga anawalipira wina wosalakwa, ndipo pamenepo ndinayamba kuzindikira tanthauzo la Mtanda. Chifukwa chake, mukalakwa, musadze kwa Iye ndi mtengo m'manja. Idzani ndi kulapa, pakuti chifundo chake sichigulidwa.

Nyumba inoyi ndinaisesa ndithu chaka chonse chija, si polipira iai, koma poyamika.