NYALI YOFIIRA YA PA BATIRE

Mau olankhulidwa kwa alimi a kwa Mfumu Zingalume, m'boma la Chadiza



Makolo athu anali kusimba za wailesi yonga poto imene inafika m'dziko muno m'caka ca 1949. Mtengo wace unali mapaundi 5, ndipo batire lace linali masheleni 25. Batire lija silinali kucenjeza munthu. Mau a ku Lusaka anali kungocepa pang'ono pang'ono, kufikira tsiku lina wailesi iri zii. Lero zinthu zinasintha. M'nyumba zina za m'mizinda muli tizipangizo tonunkhiza utsi, timene timalira tokha batire likafooka. Ifenso kuno tiri naye mlonda wotere pa sola wa pa denga, koma ambiri sitimumvera.

Taonani kabokosi kamene kali pakati pa sola ndi batire. Nyali yace ikakhala yobiriwira, zonse ziri bwino. Ikafiira, ikuti, "Lekani, moto wacepa." Mukapitirira, kabokosi kamazima magetsi kokha. Tsono apa ndi pamene ena amalakwa. Amati kabokosi nkoipa, nadula nthambo ndi kulumikiza wailesi ku batire kweni kweni, kuti amve mpira kufikira kumapeto. Ndaziona ndi maso anga m'midzi yambiri. Kutero kuli ngati kulimitsa ng'ombe yotopa kufikira itagwa m'goli.

Batire lolemera lija la mtovu, la mavolti 12, silifuna kukamidwa lonse. Likadzala limaonetsa 12.6 kapena kupitirira pang'ono. Likatsikira ku 12.1, theka la moto wace lapita, ndipo ndi pomwepo poyenera kulipumitsa. Mukalisiya lopanda moto masiku ambiri, mbale zace za m'kati zimacita nkhungu yoyera youma, ndipo silidzasunganso moto monga kale. Ngati liri la zitseko zotsegula, onjezani madzi a batire a m'sitolo, osati a pa citsime kapena a pa dambo. Tumabokosi tatsopano totseka, timene mumalipira pang'ono pang'ono pa foni, musatitsegule konse. Ndiponso dziwani kuti pa tina mwa ito pali zizindikiro ziwiri: cina cinena za moto wotsala, cina cinena za masiku amene munalipira. Funsani wogulitsa akusonyezeni kusiyana kwace musanacoke naco.

Nthawi yobvuta ndi Januwale ndi Febuluwale, pamene mitambo imaphimba dzuwa masiku otsatana. Ndiyonso nthawi imene mlimi afuna foni yace iri ndi moto, pakuti mau a Mlangizi onena za mbozi za m'cimanga, mbiri ya mvula, ndi ndarama zocokera kwa ana a ku Lusaka zimadzera momwemo. Cifukwa cace nyali ikafiira, sankhani. Foni iyambe, nyali imodzi ya ana owerenga itsate, ndipo wailesi ya kanema idikire dzuwa. Anansi obwera ndi mafoni asanu muwauze mwaulemu kuti abwere mawa masana.

M'cilimwe mdani ndi pfumbi ndi phulusa la lupsa. Pukutani sola ndi nsaru yonyowa m'mamawa asanatenthe. Ayang'ane kumpoto, ndipo nthambi ya mango isamcitire mthunzi.

Batire likafa, musaliphwanye kuti mutengemo mtovu, ndipo musalitaye pafupi ndi citsime, dimba kapena khola. Mtovu ndi ululu woononga nzeru za ana. Mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa m'caka ca 1994, koma mtovu wace unatsala m'dothi ndi m'mwazi wa ana a kumeneko. Liikeni pa malo ouma posafika ana, ndipo mupite nalo kwa wogulitsa mabatire pa tsiku logula lina.