Chithunzi choyambira mu mdima



Tonse pano tikafuna kujambula timatenga pepala loyera n'kuyamba kulidetsa ndi pensulo. Lero ndikuuzeni za luso lina lomwe limayenda chobwerera. Dzina lake ndi mezzotint, ndipo wojambula amayamba ndi mdima wa ndiweyani, kenako n'kumatulutsamo kuwala.

Analiyambitsa ndi Ludwig von Siegen wa ku Germany mu 1642. Prince Rupert analipititsa ku England cha m'ma 1660, ndipo kumeneko linatchuka kwambiri posindikiza nkhope za anthu, makamera kulibe.

Ntchito imayambira pa chitsulo chophwatalala cha kopa. Chida choyamba ndi rocker. Ndi chitsulo chokhala ndi chogwirira, kukamwa kwake kokhota ngati mwezi watsopano, kuli timano ting'onoting'ono tondondozana. Umachiimika pa kopa n'kumachipendeketsa uku ndi uku, timano tija n'kumaboola timaenje. Ukamaliza mbali imodzi umatembenuka, kuyambiranso chopingasa, kenako chopendekera, mpaka kopa yense akhakhale. Zimatenga maola ambirimbiri, nthawi zina masiku, chithunzi usanachiyambe n'komwe. Utapaka inki pamenepo n'kusindikiza, pepala lingatuluke lakuda bii.

Tsopano kuwala kumabwera bwanji? Pali zida ziwiri. Scraper ndi kampeni kopalira timinga tomwe rocker wadzutsa. Burnisher ndi kachitsulo kosalala kokhutizira, monga agogo amachitira ndi nkhulungo akamazira m'nyumba. Pomwe wasalaza kwambiri inki sigwira, ndiye pamatuluka poyera. Pomwe wangopala pang'ono pamatuluka potuwa. Pomwe sunakhudze pamakhala pakuda.

Ukatha umapaka inki, kupukuta ndi kansalu kuti itsale m'timaenje mokha, kuika pepala lonyowa pamwamba, n'kudutsitsa pa makina opanikiza. Koma timinga tija sitichedwa kuphwanyika, choncho kopa mmodzi satulutsa zithunzi zabwino zambiri.

Chomwe chandigwira mtima ndi ichi: ukapala mopitirira, mdima subwerera wokha. Uyenera kutenganso rocker n'kukhakhalitsa malowo, ndipo kuti pafanane ndi ponse mpovuta. Wothamanga luso ili silimufuna.

Mwina wina akuti, aise, kopa ndi makinawo tiwapeza kuti? Zoona, ngakhale ine rocker sindinamugwirepo. Koma kaganizidwe kake tingakayese. Ndinadetsa pepala lonse ndi khala la pa mbaula, n'kujambula nkhope ya mng'ono wanga ndi labala yekha. Loyamba ndinafufuta mphumi monse, nkhope inangoti mbee ngati mbale. Lachiwiri ndinafatsa, ndinangowalitsa mphuno, tsaya limodzi ndi kadontho m'diso. Amayi atangoliona anamutchula dzina.

Ndiye Loweruka likubwerali aliyense abwere ndi pepala, khala ndi labala. Malaya oyera asiyeni kunyumba.