Kuzindikira Chimene Chikumaliza Nkhuku Pakhomo: Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Chionetsero cha Ulimi wa Ziweto

Chilombo chilichonse chogwira nkhuku chili ndi kagwiridwe kake, ndipo chimadziulula m'njira zitatu: nthawi imene nkhuku yasowera, zimene zatsala pamalopo, ndiponso mapazi kapena chiboo chimene chalowera. Mlimi wothamangira kusesa nthenga ndi kuponya nkhuku yakufa kudzala amafafaniza yekha umboni. Mapeto ake amatchera msampha wolakwika, kapena kuyamba kuloza chala anansi ake. Mafumu, alangizi a ziweto ndi alimi amene asonkhana pano akudziwa kuti milandu yotere imafika mpaka pabwalo la amfumu.

Masana mdani wamkulu amachokera m'mwamba, ndipo amene amavutika ndi anapiye. Mphamba wodziwika kwambiri ndi uja wa nthenga zoderako, wa mlomo wachikasu ndi mchira wamphanda, amene amayamba kuoneka cha mu Ogasiti n'kumazungulira pamwamba pa midzi mpaka cha mu Malichi. Iyeyu amawakha mwanapiye osatera n'komwe, pansi osasiyapo kanthu. Umboni wake ndi kukuwa kwa thadzi ndi kubalalika kwa anapiye otsala. Kabawi kapena chiwombankhanga chikagwira msoti wolemera, chimaukhalira pansi, n'kuusosola, n'kudya nyama ya pachidali, ndipo pamatsala mulu wa nthenga pamalo amodzi. Nthengazo zimalankhula. Zosoledwa ndi mbalame zimatuluka zathunthu ndi tsinde lomwe, pamene zolumidwa ndi nyama ya mano zimakhala zodukaduka kutsinde, zina zomatana ndi malovu. Koma khwangwala amakonda mazira ndi anapiye a masiku ochepa. Dzira lobooledwa m'mbali, chigoba chake chitatayidwa patali ndi chisa, kawirikawiri ndi ntchito yake.

Likongwe nayenso amasaka dzuwa likuswa mtengo. Ndi kanyama kowonda, ka mchira wautali wakuda kunsonga, kobisala m'chulu chakale, m'milu ya njerwa ndi m'tchire la kuseri kwa bafa. Amaluma kumbuyo kwa mutu n'kukokera mwanapiye kubowo kwake, choncho anapiye akamatha mmodzimmodzi m'mphepete mwa thengo, popanda mphamba woonekera, pafunika kuyang'ana mauna. Midzi yoyandikana ndi mtsinje kapena dambo ilinso ndi ng'azi, yomwe imameza mazira n'kusiya mzere wa mchira pakati pa mapazi ake.

Usiku ndiwo uli ndi adani ambiri, ndipo mlimi amangoona zotsala kutacha. Vumbwe amagwira nkhuku imodzi, n'kupita nayo pobisika, n'kudya mwadongosolo. Chotsala ndi mapiko, miyendo ndi nthenga. Mwili, kanyama kamawangamawanga ka mchira wamizeremizere, ndi katswiri pokwera ndipo amalowa pampata uliwonse pomwe mutu wake wakwana. Akalowa m'khola amatha kupha nkhuku zingapo, koma n'kudyako mutu, khosi ndi pachidali basi. Chiuli sichifunafuna mpata. Chimathyola nsungwi, kukumba pansi ndi zikhadabo zake zazitali, ndipo chikachoka kholalo limakhala lophwasuka, nkhuku zakufa zili mbwee. Kanyimbi sasowa womuzindikira chifukwa fungo lake limatsalira mpaka m'mawa. Nkhandwe ndi fungwe zimakonda nkhuku zogona pansi kapena zofungatira kutchire, zomwe mwini wake amaziiwala poyesa kuti zidzabwera zokha ndi anapiye pakatha masiku 21.

Mapazi amathandiza kusiyanitsa zilombozi, ndipo njira yake siifuna ndalama. Madzulo mlimi asese kuzungulira khola, awazepo phulusa kapena mchenga wosefa, m'mawa apite kukaona nkhuku zisanatuluke. Phazi la vumbwe ndi mphaka ndi lozungulira, la zala zinayi, lopanda zikhadabo, pakuti amphaka amabisa zikhadabo poyenda. La galu ndi nkhandwe ndi lotalikirako, zikhadabo zikuoneka kutsogolo. La chiuli lili ndi zala zisanu, ndipo zikhadabo za kutsogolo zimadinda patali ndi zalazo. Njoka imasiya mkwekwe wopanda phazi.

Za njoka pali zofunika kuzisiyanitsa. Mazira akamasowa popanda chigoba chilichonse, njoka ndiyo yoyamba kuganiziridwa. Komabe ilipo ina yopanda ululu yomwe imadya mazira okha: imameza dzira lathunthu, kuliswera m'khosi, n'kulavula chigoba chophwanyika chopindika m'litali. Mamba ikalowa m'chisa imatha kuluma thadzi lofungatira, ndipo thadzilo limapezeka lafa popanda bala looneka bwino. Mwanapiye wakufa amene mutu ndi khosi zanyowa ndi malovu ndiye kuti njoka inayesa kumumeza n'kulephera. Nsato ikapezeka m'khola, koyenera n'kudziwitsa a nthambi yoona za nyama zakutchire, osati kuithamangira ndi zibonga.

Kadzidzi amanamiziridwa zambiri. N'zoona kuti akadzidzi akuluakulu amagwira nkhuku ndi nkhanga zogona m'mitengo, ndipo nthawi zambiri amayamba kudya mutu. Koma kadzidzi wa nkhope yoyera, wogona m'madenga a matchalitchi ndi masukulu, chakudya chake chachikulu ndi makoswe ndi mbewa. Womupha chifukwa cha mantha a ufiti wachulukitsa makoswe, omwe amasolola anapiye pansi pa make ndi kukunkhuniza mazira. M'nyengo ya mvula palinso linthumbu, lomwe limatha kupha anapiye ndi nkhuku zotsekeredwa m'khola usiku umodzi. Nkhuku zikayamba kuphiriphitha ndi kulira pakati pa usiku, mwini asagone. Phulusa lowaza pa mizati ya khola ndi panjira ya linthumbu limalibweza.

Adani ena ndi apakhomo pomwe, ndipo akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Galu wozolowera mazira amaonekera ndi chikasu chouma kukamwa. Galu wopha nkhuku amazithamangitsa, kuzipukusa, n'kuzisiya zosadyedwa, nthenga zili balala bwalo lonse. Mphaka wanjala amatenga anapiye. Ndiye pali wa miyendo iwiri. Pakasowa atambala onenepa okhaokha, popanda nthenga, popanda magazi, chitseko chili chotsekedwa bwinobwino, makamaka Khirisimasi ikayandikira, nkhaniyo ndi ya apolisi a m'mudzi, osati ya msampha.

Si imfa iliyonse imene ili ya chilombo. Nkhuku zikamafa zambiri masiku otsatizana zopanda bala, zitazolika, mapiko atagwa, zitosi zobiriwira, zina khosi litapotoka, chimenecho ndi chitopa. Chimapewedwa ndi katemera wa I-2, wodontheza m'diso katatu pachaka, ndipo alangizi a ziweto ali nawo malangizo ake.

Chilombo chikadziwika, chitetezo chake chimadziwikanso. Cha m'mwamba chimagonja anapiye akamaleredwa m'dengu lalikulu lovundikira kapena m'kampanda kofoleredwa kwa masabata oyambirira, ndiponso pabwalo pakakhala zitsamba zothawiramo. Cha usiku chimagonja ndi khola la m'mwamba, lotalika pafupifupi mita imodzi kuchokera pansi, mizati yake yovekedwa malata oterera, mipata yake yothinana, makwerero akuchotsedwa madzulo. Nkhuku za Mikolongwe, poti n'zolemera kuposa zachikuda, zimafunika chitetezo chotere koposa. Choletsedwa ndi kuika tameki kapena poizoni wina m'dzira ndi m'nyama, chifukwa amapha agalu, amphaka, miimba, ngakhalenso ana otola zinthu pabwalo.

Pempho kwa alimi onse amene ali pano ndi lakuti nkhuku ikagwidwa asasese msanga, ayambe aona nthenga, bala ndi mapazi, kenaka akauze mlangizi wa ziweto wa m'dera lawo. Mafumu nawo alimbikitse anthu awo kulambula tchire lozungulira makola mvula isanayambe.