Mabuku Oyenda Usiku ku Soviet Union

Nkhani yathu lero ikuchokera ku Soviet Union, dziko lachikomyunizimu limene linagawika mu 1991. Kumeneko buku lililonse lisanasindikizidwe linkayamba ladzera m'manja mwa bungwe la boma lotchedwa Glavlit, ndipo limene bungwelo lalikana silinkafika konse ku makina osindikizira.

Anthu anapeza njira ina imene ankaitcha samizdat, kutanthauza kudzisindikizira wekha. Munthu ankasanja mapepala opyapyala m'makina otayipira, n'kuika kaboni pakati pake, n'kumenya zilembo mwamphamvu kuti makope 5 kapena 6 atuluke nthawi imodzi. Kope lapansi linkatuluka lofuwa kotero kuti powerenga ankachita kulisuzumira. Kawirikawiri wobwereka ankapatsidwa usiku umodzi wokha, ndipo ngati anali ndi makina ake, nayenso ankachezera kutayipa kuti ena alandire.

Pa 30 Epulo 1968 ku Moscow kunatuluka kanyuzipepala kotere kotchedwa Khronika. Sikankatukwana boma, ai. Kankangolemba kuti wamangidwa ndani, mlandu wake wayenda bwanji, ndipo ali kundende iti. Wokhala ndi nkhani ankaipereka kwa amene anam'patsa kopelo, iyenso kwa mnzake, mpaka ikafike kwa akonzi, koma palibe ankayenera kufufuza mzere wonsewo. Mkonzi woyamba, mayi Natalya Gorbanevskaya, anagwidwa mu Disembala 1969, ndipo anatsekeredwa m'chipatala cha amisala cha kundende ku Kazan. Anamasulidwa mu 1972.

Mbiri imatchula kwambiri olemba, koma kwa ine amene anasenza katundu wolemera ndi otayipa, amene ambiri a iwo anali amayi. Mmodzi wa iwo ndi Elizaveta Voronyanskaya wa ku Leningrad, amene anatayipa buku la Aleksandr Solzhenitsyn lonena za ndende za boma, The Gulag Archipelago. Mu 1973 apolisi achinsinsi a KGB anamufunsa mafunso kwa masiku angapo mpaka anaulula kumene kope lina linabisidwa. Pasanapite nthawi yaitali anapezeka atafa kunyumba kwake. Solzhenitsyn atamva, analamula kuti bukulo lisindikizidwe ku Paris, ndipo linatuluka mu Disembala chaka chomwecho. Mu Febuluwale 1974 boma linam'pirikitsa m'dziko. A kwawo anadzaliwerenga poyera mu 1989, m'magazini ya Novy Mir.