Nkhokwe ndi ya Banja Lonse: Tiwerengere Limodzi Tisanagulitse

Amayi ndi abambo, alimi anzanga, m'munda wathu wophunzirirawu taona kale za kabzalidwe ka phando limodzi, kathiridwe ka manyowa ndi kasakanizidwe ka chimanga ndi nandolo. Lero tikambirane za zomwe zimachitikira mbewu ikachoka kumunda n'kufika pakhomo. Pali mabanja omwe amakolola bwino ndithu, koma pofika Disembala poto wa nsima amakhala atavundikirika. Mvula siinavute, nankafumbwe sanalowe. Chomwe chinavuta n'chakuti bambo ndi mayi sanakhale pansi kugwirizana kuti chakudya chidzayenda bwanji chaka chonse.

Tiyambe ndi funso ili: pakhomo panu, ndani amadziwa kuti thumba limodzi la chimanga limatha masiku angati? Kawirikawiri ndi mayi, chifukwa ndi iwo amakonola, kupita kuchigayo ndi kuphika. Nanga ndani amalamula kuti matumba angati agulitsidwe mavenda akafika ndi sikelo mu Meyi kapena Juni? M'mabanja ambiri ndi bambo. Ndiye kuti wodziwa kathedwe ka chakudya alibe mawu pa kugulitsa, pomwe wogulitsa sadziwa kathedwe kake. Njala ya m'mabanja ambiri imalowera pamenepa.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Alangizi ambiri amawerengera kuti munthu wamkulu amafuna matumba 6 a makilogalamu 50 pachaka, ndipo mwana wamng'ono amafuna matumba 3. Tengani banja la bambo, mayi ndi ana ang'ono atatu. Banja limeneli lifunika matumba 21 kuti lifike kukolola kwina, kutanthauza pafupifupi matumba awiri pamwezi. Likakolola matumba 25, otsala ndi anayi okha, ndipo pamenepo sitinawerengere alendo, maliro kapena zopereka kutchalitchi ndi kumzikiti. Likakolola matumba 15 n'kuyamba kudya mu Meyi, chakudya chidzatha pakati pa Januwale. Likagulitsapo matumba atatu pa 15 amenewo, chidzatha kumapeto kwa Novembala, mvula ikungoyamba kumene.

Taganizirani zomwe zimatsatira. Chimanga chomwe munagulitsa motchipa nthawi yokolola mumakachigulanso pamtengo wokwera mu Januwale ndi Febuluwale. Kuti mupeze ndalama yake mumapita kuganyu, ndipo nyengo imeneyo ndi yomwe munda wanu ukufuna kupalira, kubandira ndi kuthira feteleza wobereketsa. Mukupalira munda wa eni, wanu ukumera udzu. Zokolola za chaka chotsatira zimachepa, njala n'kubwereranso. Nyengo nayonso masiku ano siyodalirika. Mukukumbukira namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, komanso ng'amba ya mu 2024, pomwe boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino agwa m'mavuto a njala. M'zaka zotere thumba limodzi logulitsidwa mosakambirana limalira banja lonse.

Sindikunena kuti kugulitsa n'kolakwa. Pakhomo pamafunika sopo, mchere, fizi, malata ndi ndalama ya zipangizo za ulimi. Nkhani ndi yakuti muyambe mwapatula chakudya, kenako mbewu yobzala, ndipo chotsalacho ndicho mukambirane kuti chigulitsidwe liti, kwa ndani, ndiponso ndalama yake igwire ntchito yanji. Amayi, inunso mawuwa akukukhudzani. Kutapa chimanga pang'onopang'ono m'chigoba kukasinthitsa ndi usipa kapena ziwiya bambo osadziwa kumathanso nkhokwe. Koma abambo dziwani kuti mayi amachita zimenezi nthawi zambiri chifukwa sanasiyiridwe ndalama ya ndiwo. Pamene ndalama ya fodya, soya kapena mbuzi ikuonekera kwa onse awiri, kubisirana kumachepa.

Chachiwiri ndi ntchito. M'mawa mumapita kumunda nonse, makasu paphewa. Pobwerako, ndani amasenza nkhuni, mwana ali kumsana? Ndani amakatunga madzi, kuthyola ndiwo, kuphika, kusambitsa ana, kuchapa ndi kusamalira wodwala? Tsiku la mayi limayamba kusanache ndipo limatha ena onse atagona. Zimenezi zimakhudza chakudya mwachindunji. Mwana wa miyezi isanu ndi umodzi mpaka zaka ziwiri ali ndi mimba yaing'ono, amafunika kudya kangapo patsiku kuwonjezera pa kuyamwa. Mayi amene ali kumunda mpaka masana, kenako kumjigo ndi kunkhuni, sangathe kuphika phala kangapo, ngakhale ufa ndi nsinjiro zili m'nyumba. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa mu 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno anali opinimbira. Ena mwa anawa amachokera m'mabanja omwe nkhokwe zawo zinali ndi chimanga.

Abambo, njinga yomwe imanyamula matumba kupita kumsika ikhozanso kunyamula zigubu za madzi, nkhuni ndi chimanga chopita kuchigayo. Kudyetsa mwana phala pamene mayi ali kudimba sikuchotsa ulemu wa bambo. Ndikudziwa kuti ena amaopa kunenedwa kuti adadyetsedwa mankhwala. Oseka aja sadzabwera kudzakuthandizani tsiku lomwe mwana wanu adzagonekedwa kuchipatala chifukwa cha kunyentchera. Ana aamuna aphunzitseninso kuphika ndi kutunga madzi, kuti mtsikana asamajombe kusukulu chifukwa cha ntchito zapakhomo.

Zimenezi zinayesedwa kale ndi alimi anzathu. Ku Ekwendeni m'boma la Mzimba, ntchito ya Soils, Food and Healthy Communities, yomwe inayamba m'chaka cha 2000, inalimbikitsa alimi kulima nandolo, mtedza ndi soya kuti abwezeretse chonde m'nthaka ndi kudyetsa bwino ana. Kunaoneka kuti kukolola mbewuzi pakokha sikunali kokwanira, chifukwa m'mabanja ena zinkagulitsidwa ana osalawako. Anayamba kukumanitsa abambo, amayi ndi agogo kuti azikambirana za kagawidwe ka ntchito ndi ndalama, ndiponso kuphika limodzi poyera zakudya zosiyanasiyana. M'mabanja omwe anakhalitsa pa ntchitoyi, kakulidwe ka ana kanasintha.

Chachitatu ndi mbale. Kukhuta nsima yokha si kudya mokwanira. Tili ndi magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zochokera ku nyama, za mtundu wa nyemba, masamba, zipatso ndi zamafuta. Powerengera chakudya cha chaka, musathere pa chimanga. Patulaninso mtedza wa nsinjiro, nyemba, khobwe ndi soya wa phala musanagulitse. Futsani nkhwani ndi chitambe nthawi yomwe zachuluka, kuti mu Okutobala mukhale ndi mfutso. Pogawa malo m'munda, mbewu za ndiwo zisamangopatsidwa kamalo kouma ka m'mphepete poti n'za amayi. Ndipo tsiku lomwe pakhomo paphedwa nkhuku kapena papezeka mazira, yambani mwaganizira mwana wamng'ono, mayi woyembekezera ndi mayi woyamwitsa. Matupi awo ndi omwe akufuna kwambiri.

M'gulu lathu lino mulinso amayi omwe akuyendetsa okha pakhomo, ena amuna awo adamwalira, ena ali ku Joni. Inu werengerani pamodzi ndi ana anu osinkhukirapo, ndipo ife monga gulu tione mmene tingathandizirane pa nthawi yopalira. Ngati pali ofuna kukulandani munda kapena katundu wamasiye, dziwani kuti lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limaletsa mchitidwewu. Kaoneni mfumu kapena ofesi ya DC. Kaya banja lili pa chikamwini kapena pa chitengwa, amene akudya m'nyumbamo ndi ana a onse awiri.

Tisanakumanenso sabata yamawa, chitani izi kunyumba. Khalani pansi awiri, madzulo ntchito zitatha. Werengani anthu a pakhomo panu ndi matumba omwe akufunika mpaka Epulo. Werengani matumba omwe alipo kapena omwe mukuyembekezera. Ngati akuchepa, gwirizanani lero lomwe komwe otsalawo adzachokere: kudimba, mbatata, chinangwa, mbuzi kapena ndalama ya kubanki m'khonde. Chimanga chodya chiumitseni bwino, muchisunge m'matumba a PICS kapena muchithire mankhwala motsatira malangizo, ndipo matumba odya akhale padera ndi ogulitsa. Pomaliza, aliyense atchule ntchito zonse zomwe wagwira tsikulo kuyambira podzuka, ndipo musankhe ntchito imodzi yoti isinthe manja kuyambira mawa. Mubwere ndi zomwe mwapeza, ndipo amene mumabwera nokha kusukulu ino, mudzatengane ndi akunyumba kwanu.