Malamulo a ligi yathu ya dodgeball asintha, chifukwa chake ndi ichi

Awa ndi mawu amene tinayankhula pabwalo Loweruka lapitali gemu isanayambe. Ambiri munapempha kuti tiwaike pano kuti amene sanabwere awerenge.

Tisanaponye mpira lero, tikupempha mphindi khumi zokha.

Ambiri a ife kuzinda mpira sitinaphunzire pa YouTube. Tinakula tikusewera fulaye, awiri kumapeto akugenda, wina pakati akuzinda, mpira wake wa majumbo womanga ndi chingwe. Akatswiri ake tinali ife atsikana. Ndiye zatheka bwanji kuti mu ligi yathu ino ya akuluakulu, oyamba kutuluka m'bwalo ndi atsikana, osiya kubwera ndi atsikananso?

Tinawaimbira foni amene anasiya aja. Palibe amene anati masewerawa amutopetsa. Wina chala chinatupa ndi mpira wa labala uja, pomwe ntchito yake ndi yoluka tsitsi, moti anakhala masiku angapo osagwira kasitomala. Wina anagendedwa kumaso, magalasi kusweka. Koma dandaulo la ambiri linali limodzi. Munthu walipira minibasi, mwana wasiya kwa agogo ake, wafika pano, mpira woyamba wamupeza, basi wafa. Nthawi yotsalayo akungoonerera anyamata akugendana. Mnzake akawakha mpira kuti wina abwerere, timu imasankha mnyamata wa mkono wamphamvu. Inuyo mukanabweranso?

Titamva izi tinafufuza mmene anzathu akunja amachitira, poti dodgeball ili ndi malamulo olembedwa. Ku America ndi ku Canada maligi a akuluakulu ongosewera posangalala anachuluka itatuluka filimu ya DodgeBall ya Vince Vaughn ndi Ben Stiller mu 2004. Ambiri anayamba ndi mpira wa labala ngati wathu uja, koma pano maligi ochuluka amasewera ndi mipira yofewa. Bungwe la World Dodgeball Federation, lomwe likulu lake lili ku Edmonton m'dziko la Canada, limavomereza mitundu iwiri. Pali mpira wa siponji, umene amaika isanu ndi umodzi m'bwalo, ndi wa nsalu, wotchuka ku Ulaya, umene amaika isanu. Pa mpikisano wa dziko lonse wa mu 2022 ku Edmonton anasewera mitundu yonse iwiri, chimodzimodzinso mu 2024 ku Graz m'dziko la Austria. Timu imakhala ndi anthu asanu ndi mmodzi m'bwalo, ndipo pali magawo atatu: la amuna, la akazi ndi losakaniza. Ngati akatswiri a dziko lonse amakhala pansi n'kukonza malamulo awo, ife a Loweruka chingatiletse n'chiyani?

Ndiye kuyambira lero zinthu zisanu zasintha.

Choyamba, mpira wa labala tausiya. Tinaganiza za siponji, koma pabwalo lathu la fumbi ndi timiyala sungachedwe kung'ambika. Tatenga wa nsalu, ndipo tizisewera ndi isanu. Mipira ikachuluka, aliyense amapeza mpata woponya. Pamene unali umodzi, unkangozungulira m'manja mwa anthu awiri omwewo.

Chachiwiri, kugenda kumutu n'koletsedwa. Ukamenya mnzako kumutu iye ali chiimire, iye safa, wotuluka ndi iwe. Maligi ambiri osewera posangalala amaletsa zimenezi, chifukwa Lolemba aliyense akuyenera kupita kuntchito ndi maso ake awiri.

Chachitatu, timu iliyonse iziyamba ndi akazi atatu ndi amuna atatu. Ngati akazi sanakwane, timuyo iyamba yoperewera. Malo a mkazi sadzazidwa ndi mwamuna. Achimwene, tikudziwa kuti apa pakupweteka. Koma zikutanthauza kuti mtsikana wa timu yanu akasiya kubwera, mudzamufunafuna n'kumufunsa chimene chalakwika.

Chachinayi, seti iliyonse ndi mphindi zitatu basi. Nthawi ikatha, timu imene yatsala ndi anthu ambiri yapambana, onse abwerera m'bwalo, tiyambanso. Ngakhale mpira woyamba ukupeze, sudikira kupitirira mphindi zitatu. Komanso timu imene yagwira mipira yambiri izipatsidwa masekondi ochepa kuti iponye. Zosunga mipira kudikira kuti nthawi ithe, ayi.

Chachisanu, ndipo kwa ife ichi ndiye chachikulu. Lamulo la kuwakha likhala momwemo: ukawakha mpira, woponyayo wafa, mnzako mmodzi abwerera. Koma wobwererayo sasankhidwanso. Otuluka aziima pamzere, woyamba kutuluka ndiye woyamba kulowa, kaya ndi kaputeni kaya ndi mlendo amene wabwera lero.

Tsopano tinene zimene ena mwa inu mukunong'ona, poti tazimva.

Ena mukuti gemu izizira. Mwina masabata oyamba ioneka choncho kwa amene anazolowera kupambana ndi mphamvu zokha. Koma mipira ikakhala isanu, timu imene imapambana ndi imene imapangana, atatu kugenda munthu mmodzi nthawi imodzi, wina kuteteza mnzake ndi mpira umene wagwira. Pamenepo pakufunika maso, miyendo ndi kumvana, zomwe tinaphunzira pa fulaye.

Dandaulo lina lachokera kwa atsikana anzathu, ndipo ndi lomveka. Akuti lamulo la atatu atatu likuoneka ngati akutichitira chifundo, ngati sitingapeze malo patokha. Asisi, takumvani. Yankho lathu n'lakuti malamulo akale aja nawonso ankakondera, kungoti mwakachetechete. Mpira umodzi wolimba ndi ufulu wosankha wobwerera zinkapereka gemu yonse kwa munthu wa mkono wamphamvu. Palibe amene anavotera zimenezo, tinangozipeza n'kuzolowera. Ngati patsogolo muona kuti lamuloli silikufunikanso, mudzalichotsa ndinu.

Malamulowa tiwayesa masabata asanu ndi limodzi. Pa Loweruka lomaliza tidzavota papepala, lamulo lililonse palokha, munthu mmodzi voti imodzi. Amene anasiya kubwera aja nawonso adzavota, chifukwa ndi amene anaona vutoli ife tisanalione. Kulira kwa wezulo kudzakhala kwa oyimbira awiri, mkazi ndi mwamuna, mosinthana.

Pempho lathu ndi limodzi. Aliyense wa ife ali ndi nambala ya mtsikana amene ankabwera pano n'kusiya. Mutumizireni uthenga lero. Muuzeni kuti mpira wa labala uja kulibe, ndipo akatuluka sadikira kupitirira mphindi zitatu.

Matimu awiri oyamba, imani pamzere.